CIBALE CA MBEU NDI TIZIROMBO: Phunziro la Alimi

Ku Kalingalinga, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, malo ndi ocepa. Nyumba zathithikana, ndipo munthu amene ali ndi kadimba ka mayadi khumi kuseri kwa nyumba yace ayesedwa wamwai. Pa kadimbako abzala matimati. Caka coyamba abala bwino, caciwiri abala pang'ono, cacitatu afota masana ngakhale athiriridwa m'mawa. Mwini wace anena mumtima, "Nthakayi yatopa ndi matimati, ndisinthe mbeu." Tsono abzala impwa, kapena tsabola, kapena mbatata za kacewere. Nazonso zifota monga anafotera matimati aja, ndipo ndalama za mbeu ndi za madzi zapita pacabe.

Munthuyu analingalira bwino pofuna kusintha mbeu, koma sanasinthe kanthu. Anazula mwana nabzala mbale wace. Matimati, impwa, tsabola, mbatata za kacewere ndi fodya ndi za banja limodzi, ndipo mdani amene anakhazikika m'nthaka pa mizu ya cimodzi adzadyanso mizu ya zinzace. Colakwa cimeneci sicicitika m'tauni mokha iai; cicitikanso m'madimba ndi m'minda ya ku Chongwe, ku Petauke, ku Katete ndi ku Chipata. Cifukwa cace phunziro lino lifotokoza m'mene akatswiri a sayansi agawira zamoyo m'magulu, ndi phindu limene mlimi angapeze podziwa magulu amenewo.

1. CINTHU CIMODZI, MAINA AMBIRI

Pitani ku msika wa Mtendere kapena wa Soweto, mukaimirire pang'ono ndi kuchera khutu. Cimene ife ticha cimanga, Mbemba acicha amataba, Mtonga mapopwe, Mlozi mbonyi. Nsawa zathu kwa Abemba ndi imbalala, ndipo abale athu a ku Malawi azicha mtedza. Masamba a maungu ndi cibwabwa kwa wina, nkhwani kwa wina. Apa palibe vuto lalikulu, pakuti wogula aloza ndi cala cimene afuna.

Vuto lifika pamene dzina limodzi liimira zinthu ziwiri. Munthu wa ku Chipata akati nyemba, anena mbeu imene wa ku Lilongwe aicha khobwe. Ndipo wa ku Lilongwe akati nyemba, anena cimene kuno ticha kayera. Onse awiri alankhula Cinyanja, koma akatumana mbeu pa kalata, mmodzi adzalandira cimene sanapemphe. M'phunziro lino titsata machulidwe a kuno: nyemba ndiye khobwe, kayera ndiye nyemba za ku Malawi.

Ngati anthu a cinenero cimodzi asokonezana motere, nanga katswiri wa ku Zambia angamvane bwanji ndi mnzace wa ku India kapena wa ku Brazil pa nkhani ya matenda a mbeu? Panafunika dzina limodzi la camoyo ciri conse, lodziwika m'maiko onse.

2. MUNTHU AMENE ANAKONZA MAINA

Nchito imeneyi anaikonza ndi Carl Linnaeus, sing'anga ndi mphunzitsi wa ku Uppsala m'dziko la Sweden, amene anabadwa mu 1707 namwalira mu 1778. Iye asanayambe nchitoyi, dzina la comera m'mabuku a ophunzira linali ciganizo cacitali ca mau ambiri a Cilatini, covuta kukumbukira. Mu 1753 anatulutsa buku la zomera lochedwa Species Plantarum, ndipo m'menemo anapatsa comera ciri conse dzina la mau awiri okha. Mu 1758 anacitanso cimodzimodzi ndi nyama.

Kwa ife njira imeneyi siiri yacilendo. Munthu ali ndi ciwongo, kapena titi mfunda, monga Phiri, Banda kapena Mwale, ndipo alinso ndi dzina lacelace. Ciwongo cionetsa abale ace, dzina lionetsa iye mwini. Momwemonso liu loyamba la dzina la sayansi ndi ciwongo, laciwiri ndi dzina la mwini. Taonani:

Cimanga ndi Zea mays.
Nsawa ndi Arachis hypogaea. Liu laciwirilo ndi la Cigriki, ndipo litanthauza "pansi pa nthaka".
Nyemba ndi Vigna unguiculata.
Kayera ndi Phaseolus vulgaris.
Matimati ndi Solanum lycopersicum.
Mbatata za kacewere ndi Solanum tuberosum.
Impwa ndi Solanum aethiopicum.

Yang'anani maina atatu otsirizawo. Onse ayamba ndi Solanum. Munthu wa kadimba uja akadaona maina amenewa, akadadziwa kuti alikucotsa Phiri ndi kubzala Phiri mnzace.

3. MAKWERERO ASANU NDI AWIRI

Pamwamba pa ciwongo palinso magulu ena okulirapo, monga banja liri m'mudzi, mudzi uli pansi pa nyakwawa, nyakwawa pansi pa mfumu, ndi mafumu a Acewa pansi pa Kalonga Gawa Undi. Makwerero amene adziwika kwambiri ndi asanu ndi awiri, ndipo m'Cinyanja tiwaika motere kuyambira pamwamba: ufumu, cigawo, khamu, gulu, banja, fuko ndi mtundu. Fuko ndilo ciwongo cija. Mtundu ndiwo dzina lathunthu la mau awiri.

Tiyese ndi mbuzi. Iri mu ufumu wa nyama. M'cigawo ca nyama za msana. M'khamu la nyama zoyamwitsa. M'gulu la nyama za ziboda zogawanika. M'banja la Bovidae pamodzi ndi ng'ombe, nkhosa ndi njati. M'fuko la Capra. Ndipo mtundu wace ndi Capra hircus. Potsika makwererowo ciwerengero cicepa, koma cibale cikula.

Nanga mtundu nciani? Kawirikawiri ndiwo zamoyo zimene zingabalane ndi kubala ana amene adzabalanso. Kavalo ndi bulu angabale nyulu, koma nyulu siibala. Cotero kavalo ndi bulu ndi mitundu iwiri. Koma cimanga coyera ndi cacikasu ndi mtundu umodzi. Ndico cifukwa cace mupeza maso acikasu pa cisononkho coyera pamene mnansi wanu anabzala cacikasu, pakuti mphepo inatenga ufa wa ngaiyaye kucokera m'munda mwace. Nsawa za Chalimbana ndi za MGV4 zisiyana kukula ndi maonekedwe, koma zonse ndi Arachis hypogaea. Kusintha Chalimbana ndi MGV4 sindiko kusintha mbeu m'munda, ngakhale maina a pa thumba asiyana.

Mitundu ya zamoyo imene inapatsidwa kale maina iposa 1,500,000, ndipo pafupifupi 1,000,000 mwa iyo ndi tizirombo ta miyendo isanu ndi umodzi. Palibe munthu angaloweze yonseyo. Mlimi afunika kudziwa makwerero amodzi makamaka, ndiwo a banja.

4. CIBALE CIDZIWIKA BWANJI?

Makolo athu anagawa zinthu monga mwa nchito yace: izi ndi ndiwo, iyi ndi nyama, uwu ndi mankhwala, uwu ndi mtengo wa mizati. Kugawa kotere kuli bwino pa nchito ya pamudzi. Koma akatswiri safunsa kuti, "Cinthuci ticita naco ciani?" Afunsa kuti, "Cinapangika bwanji?" Pa zomera ayang'ana makamaka duwa, cipatso ndi njere. Antoine-Laurent de Jussieu wa ku France ndiye anasanja zomera m'mabanja mwa njira imeneyi mu 1789, ndipo mu 1859 Charles Darwin wa ku England anafotokoza kuti zamoyo za banja limodzi zifanana cifukwa zinacokera kwa kholo limodzi.

Cotero zinthu zofanana pa mbale sizikhala za cibale nthawi zonse. Kandolo ndi mbatata za kacewere zonse zikumbidwa pansi, ndipo ena azicha zonse mbatata. Koma duwa la kandolo liri ngati lipenga, la kacewere liri ngati nyenyezi ya nsonga zisanu monga la matimati ndi la nthula ya m'chire. Mabanja ace ndi awiri. Mleme uuluka ngati mbalame, koma uli ndi ubweya ndipo uyamwitsa ana ace. Si mbalame iai.

Ciyeso cimodzi capafupi mungacite nokha. Bzalani njere ya cimanga ndi ya kayera. Cimanga cituluka ndi tsamba limodzi losongoka, mitsempha ya masamba ace iyenda mondondozana, ndipo mizu yace ndi yanyenyenyezi yambiri. Kayera atuluka ndi masamba awiri, mitsempha yace iri ngati ukonde, ndipo ali ndi muzu umodzi waukulu wopita pansi. Kusiyana kumeneku ndiko kucititsa kuti mankhwala ena ophera chire m'cimanga asiye cimanga koma aphe kayera ndi maungu obzalidwa pakati pace. Ena, monga atrazine, atsala m'nthaka nthawi yaitali, naononga nsawa kapena soya wobzalidwa pambuyo. Werengani cipepala ca pa botolo musanapopere.

5. MABANJA ASANU NDI LIMODZI A M'MUNDA

(a) Banja la udzu, Poaceae. Muli cimanga, mapira, mcewere, mawere, mpunga, tirigu, nzimbe, nsungwi, nsenjere ndi udzu wofolera nyumba. Mitundu yace iposa 10,000. Mbeu za banja iri zidya cakudya cambiri ca m'nthaka, makamaka naitrojeni. Adani ace ndi kaufiti, kapuci ndi nchemberezandonda.

(b) Banja la nyemba, Fabaceae. Muli nsawa, nyemba, kayera, nandolo, nzama, soya, kalongonda, ndiponso mitengo monga msangu ndi mthethe. Zonse zibala makoko. Banja iri ndilo bwenzi la nthaka, monga tidzaona pansipa.

(c) Banja la matimati, Solanaceae. Muli matimati, impwa, mabiringanya, tsabola, mbatata za kacewere, fodya, mnadzi ndi nthula. Ligwidwa ndi ciwau, matenda ofotetsa, akangaude ofiira ndi njoka zosaoneka za m'mizu.

(d) Banja la maungu, Cucurbitaceae. Muli maungu, mavwende, nkhaka, zipwete, mphonda ndi zikho. Ziyanga, ndipo ziri ndi maluwa amphongo ndi aakazi paokhapaokha. Popanda njuci zonyamula ufa wa duwa, cipatso cifota cikali cacing'ono. Musapopere mankhwala m'mawa pamene maluwa ali otseguka.

(e) Banja la kabici, Brassicaceae. Muli kabici, repu, mpiru ndi tanaposi. Duwa lace liri ndi timasamba tinai topingasana. Ambiri m'madimba abzala repu, atacotsa abzala kabici, atacotsa abzala mpiru, caka conse pa bedi limodzi. Nsabwe za m'masamba ndi timbozi tobiriwira sizisowa cakudya ndi tsiku limodzi lomwe.

(f) Banja la thonje, Malvaceae. Muli thonje, therere lobala, lumanda ndi mlambe. Tizirombo toboola ndi todetsa thonje tikhalanso pa therere, cotero therere losiyidwa m'munda cirimwe conse lisungira thonje adani ace.

Kandolo ali m'banja lace, cinangwa ciri m'banja limodzi ndi nsatsi, mpendadzuwa ali pamodzi ndi cisoso, anyezi ali pamodzi ndi adyo. Mbeu zimenezi zithandiza kudula mzere wa matenda pakati pa mabanja enawo.

6. AKAUFITI AWIRI

Kaufiti wa maluwa ofiira, Striga asiatica, amata mizu yace pa mizu ya cimanga nayamwa madzi ndi cakudya iye asanatuluke pamtunda. Pamene muona duwa lace, cimanga caonongeka kale. Tsinde limodzi libala njere zikwi makumi angapo, zazing'ono ngati fumbi, ndipo zikhoza kugona m'nthaka zaka zoposa khumi. Njerezo sizimera mpaka zitamva madzi otuluka m'mizu ya mbeu ina.

Mlimi amene acotsa cimanga nabzala mapira kapena mcewere pa munda wa kaufiti sanathawe kanthu, pakuti zonsezo ndi udzu, ndipo kaufiti aziyamwa zonse. Koma akabzala thonje, soya kapena nsawa, njere zina za kaufiti zinyengedwa, zimera, zisowa muzu wozilandira, nizifa. Caka ndi caka ciwerengero cace m'nthaka cicepa.

Komatu cenjerani, pali kaufiti wina wa maluwa acikasu, Alectra vogelii. Ali m'banja limodzi ndi wofiira uja koma fuko lace ndi lina, ndipo iye ayamwa nyemba, nzama, nsawa ndi soya, nasiya cimanga. Yang'anani duwa. Likakhala lofiira, pumitsani munda ku banja la udzu. Likakhala lacikasu pa tsinde la nyemba, upumitseni ku banja la nyemba. Onse awiri azulidwe ndi kutenthedwa asanabale njere.

7. TIMPHUNDU TABWINO NDI ZOTUPA ZOIPA

Zulani tsinde la nsawa lakucita maluwa, mugwedeze dothi, muyang'ane mizu. Mudzaona timphundu tating'ono tozungulira. M'timphundumo mukhala tamoyo tosaoneka ndi maso, tochedwa bakiteriya, timene titenga naitrojeni wa mumpweya ndi kumsandutsa cakudya ca mbeu. Mpweya umene tipuma uli ndi naitrojeni magawo 78 pa 100, koma cimanga sicingamtenge. Mbeu zambiri za banja la nyemba zimtenga mwa abwenzi amenewa. Ajeremani awiri, Hermann Hellriegel ndi Hermann Wilfarth, ndiwo anaonetsa ici mu 1886. Cifukwa cace cimanga cotsatira nsawa kapena soya cikula bwino, makamaka masangwi akakwiriridwa osatenthedwa. Ndipo cifukwa cace cimanga ca pansi pa msangu, umene ugwetsa masamba ace pa dzinja, cibiriwira koposa cinzace. Soya wobzalidwa pa munda watsopano kawirikawiri afuna kuti mbeu yace isakanizidwe ndi bakiteriya oyenera tsiku lobzala; funsani mlangizi.

Tsono zulani tsinde la matimati lakufota. Mukaona mizu yotupatupa ngati mikanda, musakondwere kuti ndi timphundu tija. Banja la matimati liribe timphundu totere. Zotupazo zicitika ndi njoka zazing'ono zosaoneka ndi maso, za fuko la Meloidogyne, zimene zilowa m'mizu ndi kutseka njira ya madzi. Kusiyanitsa nkwapafupi. Kamphundu kabwino kali pambali pa muzu, kathothoka mukakakhudza ndi cala, ndipo mukakadula m'kati mwace muli mofiirira. Cotupa coipa ndi muzu weniweni wotupa. Simungacicotse osadula muzu.

Pano tiyenera kunena zoona zonse: njokazi sizisunga malire a banja limodzi. Zidyanso therere, maungu ndi kayera. Zimene zipirira bwino ndi mbeu za banja la udzu. Alimi a fodya a kale anali kupumitsa minda yao zaka zitatu ndi udzu wa Katambora, umene dzina lace licokera ku malo a m'mbali mwa Zambezi kumtunda kwa Livingstone. Mwini kadimba angabzale cimanga cacisiku kapena anyezi, ndi kuthira manyowa ambiri ookhwima bwino.

8. WERENGANI MIYENDO

Ife ticha kacirombo kanthu kali konse kakang'ono koyenda, koma akatswiri awerenga miyendo. Ka miyendo isanu ndi umodzi ndi thupi la zigawo zitatu kali m'khamu limodzi ndi dzombe, ciswe, nankafumbwe, nsabwe za m'masamba, nchenche, njuci ndi gulugufe. Mbozi ndi mwana wa gulugufe kapena wa kanzace kouluka usiku. Ka miyendo isanu ndi itatu kali m'khamu lina, pamodzi ndi kangaude, cinkhanira ndi nkhupakupa.

Akangaude ofiira amene aumitsa masamba a matimati m'miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala ali m'khamu laciwirilo. Mankhwala ambiri ophera mbozi sawapha. Apha adani ao okha, ndipo akangaudewo acuruka koposa kale. Mlimi apopera kawiri, katatu, nati mankhwala ndi acinyengo, pamene colakwa cinali kusadziwa khamu la mdani.

Ngakhale m'fuko limodzi muli kusiyana. Nchemberezandonda ya kale, Spodoptera exempta, idza ndi khamu lalikulu, idya masamba poyera, nipita. Ca kumapeto kwa 2016 munalowa m'Zambia mbale wace wocokera ku America, Spodoptera frugiperda. Iyi ibisala m'kati mwa nsonga ya cimanga, nisiya ndowe zonga utuci. Pamutu pace pali cizindikiro conga Y wozondoka, ndipo ca kumcira kuli madontho anai akuda ondandama ngati ngodya za bokosi. Popeza akatswiri anaizindikira dzina lace msanga, anadziwa pomwepo zimene alimi a ku America anaphunzira za iyo pa zaka zambiri. M'caka comweco munafikanso kambozi ka matimati kochedwa Tuta absoluta, kamene kalowa m'kati mwa tsamba ndi cipatso. Matimati akatha kakhala pa mbatata za kacewere, mabiringanya ndi mnadzi. Wodziwa banja adziwa pofunafuna.

9. MATENDA ALINSO NDI MAGULU AO

Linnaeus anadziwa maufumu awiri okha a zamoyo, wa zomera ndi wa nyama, ndipo bowa anamuika pa zomera. Koma bowa alibe masamba obiriwira, sapanga cakudya cace ndi dzuwa. Adya zoola kapena zamoyo zinzace. Mu 1969 Robert Whittaker wa ku America anasanja zamoyo m'maufumu asanu, napatsa bowa ndi cuku ufumu waowao. Mu 1990 Carl Woese ndi anzace anaikanso magawo atatu akulu pamwamba pa maufumuwo, awiri a tamoyo tosaoneka, limodzi la zomera, nyama ndi bowa pamodzi. Kwa mlimi cofunika ndi ici, kuti zoyambitsa matenda a mbeu ziri za magulu atatu.

Loyamba ndi cuku ndi zofanana naco. Cibweretsa mawanga ndi dzimbiri pa masamba, ndi kuola kwa cimanga ndi nsawa zosungidwa zosauma. Cikonda cinyontho, ndipo mankhwala ace ateteza bwino akapoperedwa matenda asanafalikire.

Laciwiri ndi bakiteriya. Ena ndi abwenzi, monga a m'timphundu, ena ndi adani. Matimati akafota mwadzidzidzi masamba akali obiriwira, dulani tsinde pafupi ndi nthaka, mulowetse nsonga yace m'tambula ya madzi oyera osagwedeza. Mukaona timaulusi toyera ngati mkaka tikutsika, ndiwo bakiteriya ofotetsa. Mankhwala a cuku sawapha. Zulani, tenthani, ndipo musabzalepo banja la matimati zaka zitatu kapena zinai.

Lacitatu ndi vairasi, kanthu kocepa koposa bakiteriya, kamene sikangaculuke kunja kwa camoyo cina. Khate la nsawa, mikwingwirima ya pa masamba a cimanga ndi kukwinyika kwa masamba a cinangwa zicokera kwa vairasi. Palibe mankhwala opopera amene aciza mbeu yogwidwa kale. Khate la nsawa linyamulidwa ndi nsabwe za m'masamba. Licepa mukabzala ndi mvula yoyamba, mothithikana bwino, ndi mbeu yopirira.

Ziweto nazo zitsata lamulo lomweli. Njati iri m'banja la ng'ombe, ndipo isunga matenda a zironda za m'kamwa ndi m'mapazi. Njiri ndi nguluwe ziri m'banja la nkhumba, ndipo zisunga cigodola ca nkhumba izo zosadwala. Akulu anati cibale ndi fupa, siciola. Pa matenda mau amenewa ndi oona ndithu.

10. MAINA ASINTHA, CIBALE CIKHALA

Nchito yosanja zamoyo siinathe. Lero akatswiri sayang'ana duwa lokha, koma awerenganso DNA, ndiwo malembo a cibadwa okhala m'thupi la camoyo ciri conse. Nthawi zina apeza kuti akale analakwa, nasintha dzina. Matimati anacotsedwa m'fuko la Solanum kwa zaka zoposa 200, nachedwa Lycopersicon, koma DNA inaonetsa kuti Linnaeus ananena zoona, ndipo anabwezedwa. Msangu m'mabuku akale ndi Acacia albida, m'mabuku a lero ndi Faidherbia albida. Musadabwe mukapeza maina awiri.

Nchitoyi siicitika kutsidya kwa nyanja kokha. Ku University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966 ndipo icita malire ndi Kalingalinga, asunga zomera zouma zomatidwa pa mapepala, ciri conse ndi dzina lace ndi malo amene cinachedwa. Ku Mount Makulu pafupi ndi Chilanga kuli akatswiri a boma ozindikira tizirombo ndi matenda a mbeu. Mukapeza cacilendo m'munda, citengeni cathunthu, muzu, tsamba ndi duwa, kapena kacirombo m'kabotolo, mupatse mlangizi wa dera lanu. Safunsa anadya phula.

11. ZOYENERA KUCITA

Coyamba, lembani mbeu zanu zonse, ndi kuika iri yonse pansi pa banja lace.

Caciwiri, gawani munda patatu. Gawo limodzi cimanga, lina nsawa kapena soya, lina thonje, mpendadzuwa kapena kandolo. Caka camawa cimanga cilowe pamene panali nsawa, nsawa pamene panali thonje, thonje pamene panali cimanga.

Cacitatu, gawani dimba panai, ngakhale liri laling'ono ngati la kuseri kwa nyumba. Bedi loyamba banja la matimati, laciwiri banja la kabici, lacitatu kayera kapena nyemba, lacinai anyezi kapena cimanga. Pokolola, banja liri lonse lisunthire pa bedi lotsatira, kuti matimati asabwerere pamalo pace kufikira mabanja atatu atapitapo.

Cacinai, musafese mbande pa nthaka imene panali banja lomwelo, pakuti mbande zinyamula mdani kumka naye ku dimba lonse.

Cacisanu, zulani abale a m'chire okhala m'mbali mwa munda, monga nthula pafupi ndi matimati ndi fodya.

Cacisanu ndi cimodzi, musagule mankhwala musanadziwe gulu la mdani wanu.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MSONKHANO WA ALIMI

1. Chulani mbeu zinai za banja la matimati.
2. Cifukwa ninji mapira sathandiza pa munda wa kaufiti wofiira?
3. Mungasiyanitse bwanji kamphundu ka nsawa ndi cotupa ca m'mizu ya matimati?
4. Nkhupakupa iri ndi miyendo ingati, ndipo abale ace ndani m'dimba?
5. Pa munda wanu munali mbeu yanji zaka zitatu zapitazi, ndipo caka cino muyenera kubzalapo banja liti?